Mafunso Atatu a Wonyamula Madzi

Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, a Noel Pascoe ankathamanga ndi mabotolo a madzi pabwalo la timu ya ragibi ya Marrindale, kumadzulo kwa Sydney, ndipo palibe anagulapo tikiti kuti akaone iwowo. Wosewera akagwa, ankalowa ndi malaya awo achikasu, kawailesi kali kukhutu, n'kumuthira madzi m'khosi, n'kumuyang'ana m'maso, n'kutuluka. Masiku enawo ankamanga akakolo ndi mapewa a anyamata ndi pulasitala, uku akuwanyoza kuti mapazi awo akununkha ngati galu wofa. Ntchito yowotcherera zitsulo kunjanji anapuma kalekale, koma mabotolo anakana kuwasiya.

Nawonso anasewerapo ali mnyamata, koma miyendo inawakana. Ankathamanga ngati asenza thumba la simenti, moti timu yaikulu anangoionera patali. Paja ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya a Noel inali diso. Mnyamata akasewera koyamba m'timu yaikulu, atolankhani ankalemba zawo, ochemerera ankalongolola zawo m'mabala, koma kochi aliyense amene anadutsa pa Marrindale ankayamba walowa m'kachipinda ka mabandeji n'kutseka chitseko.

"Madala, mwamuona bwanji?"

A Noel sankataya mawu. "Zaka ziwiri, kenako azikagulitsa magalimoto." Kapena, "Uyu musungeni." Liwiro sankalilabadira, zigoli sankawerenga. Ankadikira kuti mnyamatayo agundidwe kwenikweni, kugunda kuja kumene umakumva ngakhale uli pamzere wogula mapayi, ndiye aone kadzukidwe kake. Pa zaka zonsezo analakwitsa kawiri kokha, ndipo mayina a awiriwo ankawatchula okha asanafunsidwe.

Muyeso umenewu anautengera kwa akulu awo, a Rodney. Amenewo ndiwo anali mpira weniweni wa banja la Pascoe: masewero 212 m'timu yaikulu, osatulukapo m'bwalo wezulo yomaliza isanalire. Akakomoka ankawathira madzi ozizira ndi siponji, iwo dzambatu, bwalo lonse mfuu. Chithunzi chawo chinali chikadali pakhoma la kalabu, mphuno ili cham'mbali. Eni ake a mphunoyo tsopano ankakhala kunyumba yosungirako okalamba, ali ndi zaka 64 zokha, mutu utasokonekera ndi kugundidwa kuja, ndipo Loweruka lililonse m'mawa a Noel ankapita kukawameta ndevu.

"Achimwene, kwezani chibwano."

"Ndiwe wamagetsi uja? Babu ija siikuyakabe."

"Ndikonza, achimwene."

Poyamba ankatuluka m'menemo n'kukalira m'galimoto. Kenako anayamba kupsera mtima aliyense, mpaka mlonda wa pageti wosalakwa. Kenako zonse zinangozima. Sanalinso achisoni, sanalinso okwiya. Mtima unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ankameta ndevu, kutsuka lezala, n'kupita kubwalo kukadzaza mabotolo. Akazi awo, a Glenys, anasiya kufunsa kuti alamu awo adzuka bwanji, poti yankho linali limodzimodzi.

Lisiate Hafoka anapeza mwayi wake m'mwezi wa Julaye, kuzizira kuli pachimake. Anali ndi zaka 19, mwana wa makolo ochokera ku Tonga koma wokulira m'misewu yomweyo ya Marrindale. A Noel anayamba kumumanga akakolo ali ndi zaka 15, ndipo kuyambira pamenepo mnyamatayo ankawaitana kuti ankolo. Mwini malo m'timumo anali pachilango cha masewero awiri chifukwa chosasantha mnzake ndi chigongono. Masewero awiri, basi. Aliyense ankadziwa kuti Lisiate akapanda kuonetsa kanthu m'masabata awiri amenewo, abwerera kutimu yaing'ono, kumene anyamata ambiri amakalamba akudikira foni.

Lachisanu, monga mwa mwambo, jezi yoyamba anaipereka ndi bambo ake pamaso pa timu yonse. A Hafoka anabwera atavala jekete yakutchalitchi, zikhatho zili zong'aluka ndi kuzizira kwa kufakitale ya nyama kumene ankagwira ntchito. Mawu anali atawalemba papepala, koma pepalalo anangolipinda osaliwerenga. Mapeto ake anangokumbatira mwana wawo, zimphona makumi awiri zili zyoli, zina zikunamizira chimfine. Potuluka anagwira dzanja la a Noel ndi manja awiri.

"A Noel, mwanayu ndi wanu. Inu ndinu mumakhala naye pafupi m'bwalomo. Mutiyang'anirire."

"Musadandaule," anatero a Noel, monga ankanenera kwa makolo onse.

Mawa lake masana achibale anadzaza ngodya yonse ya bwalo, anthu oposa 70, ena ochokera ku Auckland, ena ku Nuku'alofa kumene, likulu la Tonga, onse atavala masikipa osindikizidwa nkhope ya Lisiate ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo palibe. M'chipinda chovalira anzake sanamusiye.

"Aise, mtundu wako wonse wabwera. Ku Tonga kwatsala ndani, nkhumba zokha?"

"Nkhumbazo zabweranso, zili m'mapoto panjapo," anayankha Lisiate. "Iwe sulawa."

A Noel anamumanga akakolo onse awiri. Anamumenya kambama pabondo, n'kuitana wotsatira.

Kochi anamulowetsa Lisiate patatha mphindi 25. Mpira woyamba kuugwira anathamanga nawo molunjika pa chimunthu chachikulu kuposa onse cha timu inayo, ndipo panafunika anthu atatu kuti amugwetse. A Noel anangogwedeza mutu. Patapita mphindi zisanu ndi imodzi, Lisiate anawerama kuti agwetse munthu, n'kuika mutu mbali yolakwika. Bondo linamupeza pafupi ndi khutu. Zinachitikira pansi pa mulu wa matupi, refa ali kuseri, makamera akutsata mpira. Mnyamatayo anadzuka msanga, msanga wake wonyanya, ndipo pobwerera pamzere anagwira kabudula wa mnzake kanthawi kochepa, ngati munthu woimirira m'basi. Bwalo lonse silinaone kanthu. A Noel anali atayamba kale kuthamanga.

Lamulo lake ndi losavuta. Wonyamula madzi amafunsa mafunso atatu. Wosewera akalephera limodzi, wonyamula madziyo amadzigwira kumutu kuti akubenchi aone, ndipo dokotala amamutenga. Akakalepheranso kumeneko, tsikulo latha, ndipo sabata yotsatira saseweranso.

"Tayang'ana kuno. Tili pabwalo liti?"

"Pa Wattle Street, ankolo."

Wattle Street ndi kabwalo ka ana kuseri kwa sukulu, kumene Lisiate anasiya kusewera ali ndi zaka 12.

"Chigawo chanji chino?"

Mnyamatayo anakweza maso kubolodi la zigoli, milomo ikuyenda. "Choyamba."

Funso lachitatu a Noel sanafunse. Lisiate anali atawagwira malaya. Maso ake anali mbee, osakhazikika, koma nkhope ya a Noel anaiwerenga bwinobwino.

"Ankolo, chonde. Amayi ali apo. Ndingomwa madzi, ndili bho."

Kawailesi kanalira kukhutu. Anali a Brannigan, kochi, ali kumtunda kuchipinda chawo chamagalasi. "Madala, mwanayo bwanji? Ndimutulutse?"

A Noel anadikira kuti mtima unenepo kanthu. Anadikiradi, botolo lili m'manja. Munali zii.

"Wangobanika. Ali bwino."

Pa nthawi yopumulira anadutsana ndi dokotala wa timu, mayi Petrakis, m'khonde lopita kuchipinda chovalira. Dokotalayo anafunsa ngati kunali nkhani. A Noel anati mmodzi wathyoka chikhadabo, ndipo anapitirira kukadzaza mabotolo.

Ndiye mnyamata anasewera, abale inu! Amene analipo amaisimbabe nkhani ya chigawo chachiwiri chimenecho. Ankagwetsa anthu, kudzuka, kubwerera pamzere, kugwetsanso, osapumira m'mwamba. Zimphona za timu inayo zinayamba kuthawira mbali ina. Itatsala mphindi imodzi, Marrindale ikutsogola ndi 18 kwa 16, mnyamata waliwiro wa timu inayo anapulumuka cham'mphepete, kutsogolo kuli yeretu. Lisiate anamudulira kuchokera pakati pa bwalo n'kumukankhira kunja atatsala phazi limodzi kuti agoletse. Wezulo inalira. Ku ngodya ija ya achibale azimayi ankadumpha, masikipa ali pekupeku. A Noel anatola mabotolo khumi ndi awiri, n'kuwawerenga ngati masiku onse.

A Brannigan anawapeza m'kachipinda ka mabandeji ndipo anatseka chitseko.

"Madala, lero musandiumire. Mwamuona bwanji?"

"Asewera masewero mazana awiri."

"Eee! Inuyo? Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa panu."

"Sadzatuluka m'bwalo ameneyo, ngakhale mutamukoka ndi thirakitala. Ali ngati achimwene."

Kochiyo anaseka mpaka kuwamenya pamsana. "Rodney wachiwiri! Loweruka likubwerali ayamba ndi iyeyo, ena aja akhale pabenchi aphunzire." Anatuluka akuimba mluzu. A Noel anapitiriza kukulunga pulasitala wotsala. Apa sananame ayi. Pa anyamata onse amene anawayesapo, panalibe amene anamuona bwino chotere.

Panja dzuwa linali lisanalowe. Achibale anali atamuzinga Lisiate pamalo oimika magalimoto, akuimba nyimbo yakutchalitchi m'chilankhulo chawo, ndipo aliyense ankamuveka mkanda wake, wina wa maswiti, wina wa maluwa. Mikanda inakwera kuchoka m'mapewa, kukwirira khosi, kukwirira pakamwa, mpaka panatsala maso okha. A Hafoka ataona malaya achikasu anathamanga ndi mbale ya pepala yodzaza nkhumba ndi chinangwa.

"Idyani, a Noel, idyani! Tinati chiyani? Mwana wanu uyu. Akochi akuti inu mwanena kuti afika patali. Zoona?"

"Zoona."

"Mwamva, amake Lisiate? Anena okha a Noel!"

Lisiate anadzikankha pakati pa azakhali ake n'kuwerama, maswiti akuchita phokoso. Mawu anatuluka pansi pa mikanda, otsika.

"Ankolo, tapambana kodi?"

"Tapambana. 18 kwa 16. Watipulumutsa ndiwe."

"Zoona? Eee." Maso aja anamwetulira. Wina anamukoka kuti ajambulitse. A Noel anatafuna chinangwa chimodzi osamva kukoma kwake. Anthu anajambula, anasinthana malo, anajambulanso. Kenako dzanja lolemera linatera paphewa pawo.

"Ankolo, musauze munthu. Tapambana kodi?"

Mbale ija anaiika pansi. Mantha anawagwira, mantha enieni, ndipo manyazi anabwera pambuyo pake. Anamugwira mnyamatayo pamkono n'kuyamba kuyenda naye kubwerera m'nyumba ya kalabu.

"Mukupita naye kuti?" anafunsa a Hafoka, akusekabe. "Keke sitinadule."

"Kwa dokotala."

"Wavulala pati? Si uyu akuyenda bwinobwinoyu?"

"M'mutu. Ndinaona chigawo choyamba, ndinabisa."

Kuseka kuja kunauma pankhope ya a Hafoka. Anangowatsatira pambuyo, chipewa chili m'manja.

M'khonde anakumana ndi a Brannigan, chitini cha mowa chili kudzanja. Kochiyo anayang'ana a Noel, n'kuyang'ana chitseko cha dokotala, ndipo sanafunikire kuuzidwa.

"Madala, taimani kaye. Mukalowa umo malaya achikasuwo mwavula, mukudziwa? Akuluakulu a ragibi sakusiyani. Ndipo mwanayu Loweruka palibe. Sabata inayo mwini malo wabwerera."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mumuphera chiyani mwayi wake? Agone, mawa adzuka bwino. Tonsefe tinadutsamo."

A Noel anagogoda.

Mayi Petrakis anali atatseka kale chikwama chawo. A Noel analankhula ataimirira, mawu ali phwa ngati akuwerenga mndandanda wa katundu. "Adokotala, mphindi ya 31. Bondo, apa pakhutu. Funso loyamba analephera, lachiwiri anaonera pabolodi, lachitatu sindinafunse. Pawailesi ndinanama. Panopa sakudziwa mmene masewero athera."

Dokotalayo anatsegulanso chikwama, n'kukhazika mnyamatayo pabedi, n'kuyamba kumuvula mikanda umodziumodzi. Posowa poiika, ankangoipatsira a Noel, mpaka manja awo anadzaza maswiti. Panja nyimbo inali itasiya. A Hafoka anaima pakhomo, osalowa, osachoka.

Nkhope ya Lisiate itaonekera, anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana katochi ka dokotala, n'kuyang'ana a Noel. Ankaoneka ngati mwana amene waitanidwa ku ofesi ya ahedi osadziwa mlandu.

"Ankolo, ndalakwa chiyani? Taluza?"

"Tapambana, mwana wanga. Wasewera bwino kwambiri."

Anthu zikwi khumi ndi zinayi anaonerera masewero oyamba a Lisiate Hafoka tsiku limenelo, ndipo mwini wake anachita kuuzidwa.