Buku Limene Kompyuta Sinalione

Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa mbili yakale pa yunivesite ku Lusaka. Amake ali moyo, mwanayu analemba buku m'Chinyanja lonena za azimai a ku Mphamba, momwe anayambila kusonkhana pa Chinai kupemphela ndi kuyendela odwala. Amakewo anayenda naye khomo ndi khomo, akumumasulila Chitumbuka cha okalamba. Bukulo lafika m'mipingo yambili kuno. La kwathu lilibenso chikuto chifukwa chobwelekana.

Chaka chatha, nyengo yokumba nshawa, anabwela kudzandiona. Tikuthothola pakhonde, anandiuza kuti kontilakiti yake ya ntchito ikutha, ndipo komiti yoyesa ntchito za aphunzitsi yamuuza kuti sanalembe kanthu. Ndinafunsa za buku lija. Anati iwo amatsegula kompyuta yoonetsa nkhani zotuluka m'magazini a akatswili a kunja, ndiponso kuti anzao azitchula kangati. Buku la Chinyanja silionekamo.

Ine sindifulumila kuweluza munthu. Ndakhala mkulu wa mpingo nthawi yaitali, ndipo mlandu ndimaumva mbali zonse. Apa mbali inayo ndinaifuna osaipeza. Anthu ophunzila, maso ali nao, koma akufunsa makina ngati mwana wanga wagwila ntchito. Buku anawapatsa m'manja. Palibe analitsegula.

Chondiwawa kwambili n'chakuti anali atalonjeza madoda, akuluakulu a ku Magodi, buku lachiwili, la ng'ombe zao ndi nyimbo za gule wa ingoma. Iwo anali atayamba kumuuza zimene sanauzepo ngakhale ana ao.

"Adada, ndikataya chaka pa limenelo, ntchito yatha. Mukandipepesele kwa madoda."

Ndinamuuza kuti asunge ntchito, ali ndi ana. Anaduladula buku loyamba lija kukhala tinkhani ta Chingelezi, ndipo kontilakiti anamuonjezela.

Ku Magodi ndinapita panjinga. Ndinafotokoza za kompyuta mpaka manyazi anandigwila. Mdala wina, amene anali kudziwa nyimbo zambili kuposa onse, anafunsa ngati angakambe ndi mwini makinawo. Ndinati sindimudziwa, ndipo mwana wanganso samudziwa. Mdalayo tinamuika m'manda mvula isanayambe.

Mwana wanga sindimuimba mlandu. Koma pa Sabata, m'Pemphelo la Ambuye, tikafika pa mau okhululukila amene atilakwila, ndimatseka pakamwa, mpingo upitilile wokha.