Malilo a Atate Tinawalila ku Kalindawalo

Tsiku limenelo tinali kukumba nshawa, mtedza uja. Amai anali atabeleka Lute, khanda lathu. Ine Esinala, mwana wao woyamba, ndinali ndisanathe msinkhu. Atate anali kudimba, akukonza mpanda. Mudzi wathu unali tsidya la malile, ku Mozambiki.

Mfuti inalila kudimba. Kenako utsi unakwela pamudzi.

Amai anathamanga, ine pambuyo. Tinawapeza atate atagona chammbali pafupi ndi chitsime, nkhwangwa ili m'manja. Amai anatsegula pakamwa kuti alile. Amalume, mlongo wao wa amai, anatulukila m'bango n'kuwatseka pakamwa ndi dzanja lamatope. Anthu a mfuti anali asanapite patali.

"Mlongo, ukalila tatha tonse."

Tinawafunditsa atate chitenje n'kuthyolela masamba pamwamba. Basi. Ndiwo malilo onse amene analandila munthu uja.

Tinayenda m'thengo masiku angapo, amalume ali nafe. Tinkadya nshawa zaziwisi zimene zinatsalila m'thumba la delesi langa. Lute akati ayambe kulila, amai ankamuika bele m'kamwa msangamsanga. Paulendo wonse kulila kunali mlandu.

Tinalowa m'Zambia osadziwa. Tinazindikila titaona bambo wina akupalasa njinga pang'onopang'ono, osacheuka.

Ku Kalindawalo anatilandila amake Fosita. Anali mayi wamfupi, wamawu ngati belu la sukulu, wosachedwa kukalipa. Sanali mbale wathu. Anasesa khitchini yao, natiyalila mphasa.

Anthu amaganiza kuti munthu akafika pabwino ndiye kuti wapulumuka. Ayi ndithu. Amai anadutsa thengo lonse osagwa. Anagwa titafika.

Anakhala pamphasa, maso kukhoma. Kusamba anasiya. Chakudya ankangochikhudza n'kuchikankha. Lute akalila, ankamuyang'ana ngati mwana wa eni. Mkaka unayamba kuuma. Mwana anafota, liwombo lake linalowa m'kati. Ine ndinkamumwetsa phala lamadzi, iye n'kumalavula. Ndinkaopa kuti ndidzaika awili m'manda.

Anthu analankhula. Ena anati alodzedwa. Ena anati ndi ulesi wa othawa nkhondo, ongofuna kudyetsedwa. Mpaka lelo mawu amenewo amandipsetsa mtima. Ulesi? Munthu amene anakwela mapili onse aja ndi mwana kumsana?

Masiku ano kukiliniki kuno ku Nyimba amati ndi matenda a maganizo. Amati chisoni chikapanda potulukila chimamugwetsa munthu, ndipo pali aphungu ndi mankhwala. Nthawi ija dzina la matendawo sitinkalidziwa. Tinali ndi amake Fosita.

Sanawalalikile amai. Sanawauze kuti limbani mtima. M'mawa uliwonse ankabwela ndi lichelo la nshawa, kukhala pambali pao, kuyamba kusenda. Ankadandaula za mbuzi za aneba ndi za thonje lao lodyedwa ndi mbozi. Amai osayankha, iwo osatopa. Ankathila nshawa pamiyendo ya amai.

"Manja awa si a mfumukazi. Sendani."

Masiku ena amai ankasendako pang'ono. Masiku ena ayi.

Tsiku lina tikuchokela kotunga madzi amake Fosita anandifunsa kuti atate tinawaika bwanji. Ndinawauza za chitenje, za masamba, ndi za dzanja la amalume. Anatula ndowa pansi, madzi kukhavukila kumapazi.

"Ha! Ndiye kuti simunalile? Ngakhale kumeta simunamete?"

Kwathu, monganso kuno, malilo akatha achibale amametedwa tsitsi. M'pamene wamasiye amadziwa kuti watsazika, ndipo amabwelela kwa amoyo. Tsitsi la amai linali likadali ndi zitsotso za m'thengo.

Amake Fosita anayenda khomo ndi khomo. "Mailo m'mawa kwanga kuli malilo." Akulu ena a mpingo anakana. Anati malilo opanda mtembo sanawaonepo. Mayi uja anawayankha pamaso, manja m'chiuno.

"Mtembo ulipo, ukupuma m'khitchini mwanga. Mufuna tidikile uzizile?"

M'mawa mwake akazi anabwela atamanga zitenje m'chiuno. Anayamba kulila akadali panjila, monga amachitila pofika pamalilo. Ankalila munthu amene sanamuonepo, akumutchula dzina. Analowa, nakhala mozungulila amai. Amake Fosita anawagwila mapewa.

"Lilani, amake Esinala. Kuno kulibe wokutsekani pakamwa."

Amai anayamba ndi kamawu kang'ono, kosasa. Kenako anakuwa. Anaitana atate. Anatukwana amalume, amene anakhala panja ndi amuna, nkhope m'manja. Analila mpaka dzuwa linapendeka. Inenso ndinalila, kuseli kwa nkhokwe, mpaka mutu kuwawa.

Kutacha anatimeta ndi lezala: amai, amalume, ine. Mphepo inkandizizila pamutu.

Madzulo ake amai anapempha madzi osamba. Atasamba ananditenga Lute m'manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti waonda chonchi liti. Anadya zonse zimene anawapatsa, chifukwa cha mkaka.

Sindinama kuti anachila tsiku lomwelo. Panali miyezi imene ankabwelelanso kukhoma, makamaka nthawi yokumba nshawa. Amake Fosita nawo ankabwelanso ndi lichelo lao, akukalipa za mbuzi. Anatelo zaka ndi zaka. Munthu wotelo sindinamuonenso.

Atate anatsala kudimba kuja. Amalume anabwelela kukaona mudzi, ndipo sitinamvenso za iwo. Lute anakula. Amagulitsa nthochi pamsewu waukulu kuno ku Nyimba, ndipo ali ndi zidzukulu.

Amake Fosita anamwalila atakalamba. Patsiku lometa, amai anakakhala pakati pa achibale. Wogwila lezala anawanong'oneza kuti ometedwa ndi a m'banja okha. Amai anavula duku, nawelamitsa mutu.