Mphesa za m'masokosi

Ndinataya mkazi. Pamodzi ndi iye ndinataya kapu yachiwiri ya tiyi pa tebulo, ulendo wa Khirisimasi wopita kwa apongozi ku Biriwiri, munthu wondiseka ndikayamba kulankhula ngati buku, ndi chilakolako cha nyama ya nkhumba. Mwana tinalibe. Tinakhala m'banja zaka zinayi.

Mphesa ndinaziona koyamba kwawo kwa mkazi wangayo. Bambo ake anakagwirapo ntchito ku Joni, osati ku migodi ngati anzawo, koma pa famu ya mphesa. Pobwerera kumudzi anatenga zinthu ziwiri. Choyamba chinali kanthambi ka mpesa, kamene anakakulunga m'sokosi yonyowa n'kukaika pansi pa chikwama. Kanagwira kuseri kwa khitchini, kumene mphepo ya m'phiri sifika kwenikweni, n'kuyanga pa chisanja cha nsungwi. Chachiwiri chinali kakonzedwe ka nyama ya nkhumba. Akapha nkhumba ankadula ya pamimba, kuikwirira mu mchere masiku angapo, kenako kuipachika pa utsi. Ankaitcha bekoni, ndipo ankaidula mopyapyala moti ukaikweza kuwala kunkaonekera. Anthu a m'mudzimo ankati mkuluyo akusewera ndi ndiwo.

Mphesa zikayamba kufiira mu Novembala, apumbwa ankabwera kudzazijompha. Apongozi analibe ukonde, choncho ankaveka phava lililonse sokosi yakale n'kumanga kukamwa kwake ndi luzi. Tsiku limene ndinakaonekera pakhomopo ndinaganiza kuti ayanika zochapa. Ndinamufunsa mtsikanayo monong'ona chifukwa chimene kwawoko amayanikira masokosi osiyana mitundu pakati pa masamba. Anaseka mpaka kukhala pansi. Nkhaniyo anaifotokozera aliyense amene anabwera kwathu zaka zinayi zonsezo: kuti anakwatiwa ndi mphunzitsi wa za ulimi wosasiyanitsa munda ndi chingwe choyanikira.

Bambo ake atamwalira m'chaka chachiwiri cha banja lathu, mpesawo unakhala wa mkazi wanga. Chaka chonse ankatolera masokosi anga obooka m'chitini cha mkaka, ena ndisanawaleke n'komwe. Ndikadandaula ankati chala changa chachikulu cha kuphazi chawagamula kale.

Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Manjawira. Pa phunziro la zakudya ndinkakonda kugawa bolodi pawiri. Mbali imodzi bekoni: zomanga thupi zambiri, mafuta ambiri, zina zothandiza magazi, mchere wochuluka. Mbali inayo mphesa: madzi, shuga, mavitamini pang'ono, zomanga thupi pafupifupi palibe. Ophunzira ambiri anali asanalaweko chilichonse mwa ziwirizi, koma ankakopera bwino. Ndinkamaliza ndi kuwauza kuti wodya bekoni akhoza kulima mpaka masana, pamene wodya mphesa amva njala asanamalize mzere wachitatu. Kunyumba mkazi wanga ataona zimenezi m'kope langa, anafunsa kuti apumbwa anapita ku koleji iti, popeza iwo sanabwerepo kudzaba bekoni.

Anayamba kudwala m'chaka chachinayi, nyengo yotentha. Ankatopa msanga, zikhatho zake zinayera, chakudya sichinkalowa. Kuchipatala chaching'ono anati magazi achepa. Nditangomva mawu amenewo, bolodi lija linabwera lokha m'mutu mwanga. Apongozi aakazi potsika kudzamudwazika, ndinawapempha kuti atenge bekoni, chifukwa ankaikonzabe monga ankachitira amuna awo. Anabwera nayo m'pepala la nyuzi. Mphesa anazisiya zisanapse, atazimangirira masokosi, ndipo pakhomopo sipanatsale munthu.

M'mawa uliwonse ndisanapite ku sukulu ndinkakazinga timagawo titatu n'kumuyang'anira akudya. Ankadya chifukwa cha ine. Nthawi zambiri ankasanza ndisanamalize kumanga nsapato. Novembala atafika pakati anayamba kunena za mphesa. Anati tsopano zapsa, akuzimva kukhosi.

"Mphesa ndi madzi a shuga chabe," ndinatero. "Magazi sabwera ndi madzi a shuga."

"Ndamva, aphunzitsi. Koma nyama yanuyo ikubwerera, ndiye amene akupeza magazi ndi beseni."

Ndinaseka, apongozi nawonso anaseka atayang'ana kumbali. Koma sindinapite. Ndinati ndipita mayeso akatha. Kuchokera kwathu kukafika ku Biriwiri ndi maminibasi awiri okha. Munthu akanyamuka Loweruka m'mawa amabwera kusanade. Maloweruka awiri anadutsa ndili pa tebulo kukonza mafunso a mayeso. Sikuti ndinali wouma mtima. Ndinkaona kuti zamphamvu ndamupatsa kale, ndipo zotsekemera zikhoza kudikira.

Miyendo itatupa anatitumiza kuchipatala chachikulu, kumene anapeza kuti vuto ndi impso. Dokotala anafunsa zimene wodwalayo wakhala akudya. Ndinayankha ndine, ndipo ndikukumbukira kuti ndinayankha monyadira. Iye anati mchere ausiyiretu lero lomwe, nyamanso ichepe, chifukwa impso zofooka sizitha kuchotsa zimenezo m'thupi. Kenako anandifunsa ntchito yanga. Ndinamuuza. Anangolemba m'faelo. Pakhonde anandiuza kuti matendawa anayamba kalekale ndipo nyamayo si imene inawabweretsa. Ndimamukhulupirira. Komabe mzere wa mchere unalipo pa bolodi langa chaka chilichonse, wolembedwa ndi dzanja langa, ndipo ndinkauwerenga mofulumira kuti ndifike pa nthabwala ya wolima uja.

Ndinamufunsa za mphesa. Anati zochepa adye, ngati mtima wake ukuzifuna.

M'mawa mwake ndinanyamuka. Ku Biriwiri kunali kozizira monga nthawi zonse, amayi atayala kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu. Nyumba ya apongozi inali yokhoma, udzu utamera pabwalo. Kuseri kwa khitchini masokosi anali lende, pafupifupi onse anga. Ndinazindikira yabuluu imene ndinavala pa ukwati wathu. Ndinamasula imodziimodzi kuti ndione zakupsa, ndipo zinali zitapsadi, zakuda, zina zitayamba kukhwinyata. Ndinadula mapava asanu. Ndinachitanso zimene mkazi wanga anandiuza ponyamuka, ngakhale zinanditengera nthawi chifukwa luzi linali litauma ndipo linkaduka.

Foni inalira ndili pamsewu kudikira minibasi. Apongozi anati ndifulumire, wodwala watopa. Ndinakulira m'boma lomweli, ndimadziwa chimene akuluakulu amatanthauza akatero. Ndinakhala pa mpando wakumbuyo, jumbo ya mphesa ili pamiyendo, ndikuitchinjiriza kuti anthu asaiphwanye.

Mphesazo anadya amayi a kwaya pamaliro. Mmodzi anati sanalawepo chipatso chotero ndipo anafunsa ngati njere zake zingamere kwawo. Ine sindinalawe.

Phunziro lija ndimaphunzitsabe, koma tsopano pa bolodi pamakhala nyemba ndi mango. Chitini cha mkaka chili pomwe chinali. Okutobala akafika ndimapita nacho ku Biriwiri, apongozi amagwira makwerero, ine ndimamanga.

M'mawa uja ndisananyamuke ndinalowa m'wodi kukatsanzika. Mkazi wanga anali atatsamira pilo, milomo itauma, amayi ake akumupukuta kumaso. Ndinamuuza kuti ndikupita kukatenga madzi a shuga aja. Anamwetulira osatsegula maso bwinobwino. Nditafika pakhomo anandiitana, ndipo ndinabwerera kudzawerama kuti ndimve.

"Musathyole zonse. Zotsalazo mukazivekenso masokosi, apumbwa angandimalizire."