Mdani wa Goli ku Zingalume

Ku Zingalume kuli bambo ena, mkulu wa mpingo, amene goli amadana nalo koopsa. Amati agogo awo aakazi anali kale m'goli la ogula akapolo, akuwaolotsa malire, pamene Mjeremani wina wodzakhala kuno anadula zingwe za golilo. Amasimba nkhaniyi akuvinavina, ndodo ili m'mwamba ngati mpeni. Tsono akaona ng'ombe zomangidwa zitaima padzuwa, manja amawayabwa.

Tsiku lina Osward, mnansi wawo, anasiya ngolo yake ya ng'ombe pachigayo. Bambowo ananyang'ama n'kumasula ng'ombe zija. Zinathamangira m'dimba la bambo omwewo n'kudya kabichi yense.

"Abambo, mwaona zimene mwachita?" anafunsa Osward ali wefuwefu.

Iwo anaseka mpaka misozi. "Zisiye, mwanawe. Agogonso atangomasulidwa anayambira kudya nkhuku ya Mjeremaniyo."