Njinga za mu Milange zinapita kuti?

Lachiwiri lapitali alamu anga a Alfazema, amuna a mlongo wanga, anafika kunyumba nkhope ili ndwii, akukankha njinga yawo. Njinga imeneyi anabwera nayo kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndiyo imadyetsa banja lonse. Amanyamulira anthu matumba a nandolo ndi chimanga kuchoka pamsika kukafika kumalire.

"Alamu, tiyeni mukandiwerengere chimene apachika ku ofesi ya boma," anatero. "Anthu akuti njinga aziletsa."

Tinapita. Pakhoma panali mapu aakulu, okongola zedi, olembedwa m'Chipwitikizi. A bungwe loona za mayendedwe m'chigawo chino ajambula Milange wa mawa. Msewu waukulu aukuza, ukhala wa malole ndi mashapa, maminibasi onyamula anthu aja. Pokwerera magalimoto pachoka pamsika, papita kunja kwa tauni. Njinga sizidzaloledwa mumsewu waukulu, zizidzadzera njira yakuseri, ya kudambo. Chifukwa chake? Akuti atawerenga zoyenda pamsewu anapeza kuti mu Milange njinga n'zochepa.

Ndinaseka mpaka mlonda anandiyang'ana. Mu Milange njinga n'zochepa? Muno momwe nkhumba imapita kumsika pa njinga, wodwala kuchipatala pa njinga, mkwatibwi kutchalitchi pa njinga?

Koma kuseka kunatha nditakumbukira.

Nthawi yokolola ija munabwera anyamata ovala malaya oyera. Anakhala pansi pa mitengo ya mango m'mbali mwa msewu, zolembera m'manja, chilichonse chodutsa n'kuchonga. Palibe anatiuza kuti ndi ndani. Mphekesera inathamanga: akulemba njinga! Ena ankati ndi msonkho, ena ankati azilanda.

Musatiseke, inu amene simunathaweko nkhondo. Ife tinaona nthawi imene munthu akakulemba lero, mawa amabwera kudzatenga mbuzi, njinga, mwinanso mwana wako wamwamuna. Sabata imeneyo njinga zinakwera kudenga, zina zinagona m'mapesi, zina zinaoloka mtsinje kukacheza kwa abale. A Alfazema anamasula yawo, matayala n'kuwaponya m'nkhokwe, matumba n'kumasenza pamutu. Anyamata aja anachonga zimene anaona, nanyamuka.

Kubisa tinabisa, sitikana. Koma safunsa adadya phula. Anthu ophunzira, odutsa msewu wonse wochokera ku Mocuba akuimbira njinga hutala, sanadabwe kuti pofika m'tauni njinga zija zasungunuka? Panalibe mmodzi woti afunse mayi wogulitsa nthochi kuti, "Amayi, kodi muno mumayenda pa chiyani?"

Apa ndi pamene mtima wanga wayamba kukayika.

Pobwerera tinadzera kumene akuti kudzakhala pokwerera magalimoto. Malowo atchinga kale. Njerwa zaunjikidwa, maziko a timasitolo akumbidwa, udzu unameramo kale. Mapu apachikidwa sabata ino, nanga mwini njerwa anadziwa liti? Anaombeza? Dzina lake sindikulidziwa, ndipo umboni ndilibe. Ndikungofunsa: kodi anawerenga kuti ajambule mapu, kapena mapu anali kale m'thumba, kuwerengako kunali kongotiphimba m'maso?

Timati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo msewu wabwino tikuufuna ndithu. Ndani amakonda maenje amene nkhondo inatisiyira? Koma kalumo kakuthwa kamatemanso khutu ngati wometayo sanakuuze kuti khala chete, ndikukumeta.

Ndiye njira ya kudamboyo. Pamapu ndi kamzere kobiriwira, kosalala. Pansi pano ndi matope mvula ikagwa, ndipo chibwerereni anthu saiyenda. Tonse tinaphunzira kuponda pamene mnzako waponda kale, chifukwa nthaka ino inasunga zinthu zimene sitinabzale. Sindinamvepo kuti ochotsa mabomba anafikako.

"Ine kudambo sindipondako, alamu," anatero a Alfazema. "Koma akanditsekera msewu, ana adya chiyani? Ndisankhe pakati pa mwendo ndi njala?"

Izi zinandiwawa. Munthu anasunga njinga yake zaka zonse za kumsasa, anaoloka nayo mtsinje atainyamula paphewa, lero aluze ntchito chifukwa choti anaisunga bwino kwambiri.

Tinabwereranso ku ofesi kuja kukadandaula. Kalaliki anatilandira mwaulemu.

"Abambo, ife timangopachika, zinachokera ku likulu la chigawo ku Quelimane," anatero. "Koma odandaula achuluka. Akuti mwezi wamawa a bungwe abweranso kudzawerenga."

Kwa a bungwewo pempho langa ndi limodzi. Musanakhale pansi pa mango, dzaimeni pamsika ndi m'matchalitchi, munene m'Chinyanja ndi m'Chilomwe chimene mukuwerengera. Mutiuzenso mwini njerwa zija. Anthu amene anapulumuka pobisala sangasiye kubisala chifukwa cha mapu okongola.

Tikutuluka pachipata, alamu anga anaima, nagwira chishalo cha njinga yawo.

"Ndiye akabwera, alamu, ndiionetse kapena ndiibise?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti aionetse. Kenaka ndinakumbukira njerwa zija. Inu mukanawayankha chiyani?