Bere la Kathole

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ntchito yokama ng'ombe inagwera ine. Mayi anali ndi pakati potopetsa, ndipo mwa ana onse wamkulu ndinali ine, mtsikana. Tinkakhala chakumtunda kwa Ulongwe. Chuma chathu chonse chinali ng'ombe imodzi yaikazi, dzina lake Nangondo, ndi kathole kake kofiirira.

Bambo anandiphunzitsa kamodzi kokha. Kathole kayambe kayamwa kuti mkaka utsike, kenako ukakokere pambali pomwe make akukaona, ukame mawere atatu. Lachinayi usalikhudze. Ukatha, uwamasule onse apite kubusa limodzi.

"Mkakawu si wathu," anatero bambo akuloza kathole. "Mwini wake ndi uyu. Ife timangopemphako."

M'mawa uliwonse ndinkasenza chigubu kukasiya kwa Abiti Saidi, mayi amene anali ndi tiyirumu pamsika, kenako n'kuthamangira kusukulu. Ndinkafika m'kalasi ndili wefuwefu, zala zikununkha mkaka, maso ali lende ndi tulo.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali chankhanza. Msipu unauma, nkhokwe inatha, bambo anakwera njinga kupita ku Nayuchi kukasaka chimanga. Mkaka wa Nangondo unayamba kuchepa. Tsiku lina Abiti Saidi anakweza chigubu, nachigwedeza.

"Iyayi mwanangu, uku n'kuseweretsana. Ukabweranso ndi theka ndipeza wina."

Sanali munthu woipa, nawonso anali ndi anthu awo ofuna tiyi. Koma ine mutu unaima. Sopo ndi mchere wa pakhomo pathu zinkachokera m'chigubu chimenecho, ndipo ndinalibe womuuza. Mawa lake ndinakama mawere onse anayi. Chigubu chinakwerako. Mkuja wake ndinawonjeza nzeru: ndinatsekera kathole m'kakhola kake tsiku lonse kuti kasayamwe kubusa, n'kukaikira madzi a madeya m'beseni. Kankangoyamwa pang'ono m'mawa, kotsitsira mkaka, ine n'kukakoka. Ndinadziona wochenjera.

Nangondo ankalira kubusa, kathole n'kumayankha kukhola. Mayi atafunsa ali chigonere, ndinati n'kutentha chabe. Kulira kuja kunatenga masiku, kenako mawu a kathole anasasa, kenako kanangoti zii.

Bambo anabwera patatha masabata atatu, atada ndi dzuwa, kathumba kamodzi pa njinga. Anapeza kathole kakutsegula m'mimba, nthiti zikuwerengeka. Anayesa mankhwala, koma kanafa tsiku lachiwiri. Ndinaulula ndekha, ndikuyembekeza chikoti. Iwo anangokhala pa chitsa, naphimba nkhope ndi chipewa. Munthu wotopa ngati ameneyo sindinamuonenso.

Kuyambira tsiku limenelo Nangondo anaumira mkaka. Ng'ombe zathu za makolo zimatero: popanda mwana pafupi, ungafinye bwanji, dontho silituluka. Apa tinali pafupi kutaya zonse. Bambo anasenda kathole, naumitsa chikopa, nasokerera udzu mkati, naika timitengo m'malo mwa miyendo. Pamsana pake anapaka mchere.

"Uzichinyamula ndiwe," anandiuza.

Chilango changa chinali chimenecho. M'mawa uliwonse ndinkanyamula chinthu chopepuka chija, chonunkha, n'kuchiimika patsogolo pa Nangondo. Iye ankachinunkhiza, n'kuyamba kuchinyambita uku akung'ung'udza chapansipansi, monga ankachitira kale. Mkaka unkatsika. Ine ndinkakama chipumi nditachitsamira pa nthiti zake, ndikulira mosatulutsa mawu. Kunamiza munthu n'koipa, koma kunamiza mayi woferedwa amene sangakufunse kanthu kumalemera mwamtundu wina.

Ananyambita mpaka ubweya wa pamsana unatha. M'mawa wina anangochiyang'ana, n'kutembenuza mutu. Mkaka unathera pomwepo. Abiti Saidi anapeza wina, monga ananenera, ndipo mlongo wanga wakhanda anabadwira m'nyumba yopanda sopo. Tinadikira chaka chathunthu ndi miyezi kuti Nangondo aberekenso.

Lero ndili ndi imvi, ndipo ndimaweta ng'ombe zitatu kunja kwa tawuni ya Balaka. Ndowe zake ndi zimene zinadzutsa munda wanga, umene unali utaguga. Matole anga amayenda ndi amawo mpaka atasiya okha kuyamwa. Anzanga kogulitsira mkaka amandiseka kuti chigubu changa n'chopepuka, ena amati ndimalera ng'ombe ngati zidzukulu. Sindilimbana nawo, mphamvu zokangana zinanditha. Ndikudziwa mmene chilimwe chimamufinyira munthu, ndipo sindinganame, m'miyezi yovuta dzanja langa limafikabe pa bere lachinayi.

Likafika pamenepo, fungo la chikopa chija limandibwerera. Ndinkaganiza kuti bambo ankandiphunzitsa chifundo chabe, koma ankandiuzanso mmene mkaka umabwerera: ng'ombe imatsitsira mwana wake, osati ine. Ndiye ndimapukuta manja, n'kumasula chingwe, mwini wake adzayamwe.