A Zuze Sanafike ku Chinde

Mukamva kuti azungu a nthawi ya Chitaganya anali ankhanza, musamangoganiza za chikoti. Ena ankakupha akuseka nawe. A Paston Zuze a ku Limbe anakumana ndi wotero, ndipo nkhani yawo imawawa mpaka lero.

A Zuze anali Msena, wobadwira kutsidya kwa Apwitikizi. Anathawako atatopa ndi chibalo cha m'minda ya nzimbe, zikhatho zitang'ambika ndi mbalamatodya, thabwa la zibowo lija ankamenyera anthu m'manja. Ku Limbe anapeza ntchito yonyamula mabelo m'nyumba ina yosungiramo fodya, anakwatira a Cecilia pa tchalitchi cha Katolika, namanga kanyumba ku Bangwe. Zaka khumi ndi zinayi sanacheukeko kumene anachokera, podziwa kuti wothawa chibalo Apwitikizi samuiwala.

Tsono mu 1956 mzungu woyang'anira pantchitopo, amene antchito ankamutcha Bwana Kaseka chifukwa mano ake sankalowa m'kamwa, anapangana ndi anzake atatu zoyenda pa bwato kuchokera ku Chikwawa, kutsika Shire, kulowa Zambezi mpaka kunyanja yamchere ku Chinde. Kukatani? Palibe, kukhuta basi. Atamva kuti a Zuze anakulira m'bwato, anawaitanitsa ku ofesi. Iwo anakana, nafotokoza bwinobwino kuti kumeneko akakapondako sabwerako. Bwana anaseka, nawasisita paphewa, nati awatengera chiphaso cha boma chonena kuti ndi munthu wa Nyasaland. Anawonjezanso kuti wokana ulendo wakana ntchito. Nthawi imeneyo n'kuti a Cecilia ali oyembekezera.

Mabwato anali awiri, opalasa anayi. Azungu anapalasa tsiku loyamba lokha, uku akujambulana zithunzi nkhafi zili m'manja. Tsiku lachiwiri matuza atatuluka, anangotambalala pansi pa maambulera. A Zuze anakhala kumbuyo kuwongolera, ndipo a Abdala, Myao wa ku Fort Johnston, anakhala kutsogolo kuyang'ana mvuu ndi mchenga. Kupalasa kuyambira mbandakucha, dzuwa likuswa mutu. Mukakocheza, m'malo mopuma ndiye kukhoma mahema, kutola nkhuni, kuwiritsa tiyi, kuchapa masokosi a anthu amene sanayende ndi phazi limodzi lomwe. Maukonde a udzudzu analipo anayi, eni ake mukuwadziwa.

M'dambo la kumtunda kwa Chiromo anasochera m'bango masiku awiri, chifukwa bwana ankakhulupirira mapu kuposa munthu wodziwa madzi. Nyimbo yopalasira anailetsa, ati ikubalalitsa mbalame zimene mnzake ankafuna kujambula. Nanga anthu mungapalase bwanji pamodzi popanda nyimbo? Bwato linkangoyenda chokhota, a Zuze akutukwana Chisena chamumtima, msana ukuwawa ngati awasenzetsa mabelo awiri.

Za chiphaso anafunsa ku Chikwawa, anawauza kuti mawa. Anafunsa ku Chiromo, anati chili m'bokosi. Pa Port Herald, malire atayandikira, a Abdala anawanong'oneza kuti achimwene, tsikani pompano mukwere sitima ya ku Limbe, mzungu uyu ndi wopepera. A Zuze anaima nthawi yaitali akuyang'ana njanji. Mantha anali nawo, mkwiyo anali nawo, koma ataganiza za ntchito ndi pathupi pa akazi awo, anatolanso nkhafi.

Atadutsa malire, anakocheza pa kapolisi ka Apwitikizi m'mbali mwa mtsinje, bwana natsekula bokosi lija. Munali mapepala a azungu anayi, la mfuti, la kamera. La a Zuze munalibe. Anaiwala, eti! Mfuti anaikumbukira, koma munthu amene anamupulumutsa ku mvuu kawiri anamuiwala. Komabe mwayi unalipo. Mkulu wa apolisiyo, atathiriridwa mowa wa m'botolo la alendowo, sanafune kuvuta, opalasa sanawayang'ane n'komwe. Zikanathera pomwepo. Koma Bwana Kaseka, mowa utamukwera, anafuna kusangalatsa mnzake watsopanoyo.

"Uyu ndi wa kwanu konkuno," anatero akuloza a Zuze, mano onse pamtunda. "Opalasa otere kwathu kulibe. Mumawaphunzitsa bwino."

Mkuluyo anaika tambula pansi, nalamula wapolisi wake kuti awatambasule manja. Zipsera za mbalamatodya sizibisika ngakhale pansi pa matuza. Bwana anadandaula, inde, koma dandaulo lake linali lakuti nanga bwato awongola ndani. Atamupezera wopalasa wina, ulendo unapitirira. A Zuze anaona mabwato akukhota pangodya ya mtsinje, chingwe chili m'chiuno.

Zaka ziwiri anadula nzimbe. Chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali chimodzi, kuti tsiku lina adzaima pakhomo pawo ku Bangwe. Anathawanso, wapansi, nafika ku Limbe mu 1958 ali mafupa okhaokha. Kuntchito sanapatukireko.

Zimene sankadziwa ndi izi. Azungu aja atabwerako ku ulendo, a Cecilia anapita ndi mimba yawo kukafunsa ku ofesi, ndipo bwana, manyazi atamugwira, anawauza kuti amuna awo anapeza abale ndi mkazi wawo wakale, nasankha kutsalira kwawo. A Abdala anali atalunjika ku Fort Johnston, opalasa awiri enawo anali a ku Chikwawa, wotsutsa panalibe. Ndipo masiku amenewo ndani akanati mzungu wanama? Bangwe yense anakhulupirira, kutchalitchi nakonso anapempherera mayi wothawidwa.

A Zuze anapeza a Cecilia ali pakhonde akusankha nyemba, kamtsikana kamene iwo anali asanakaonepo kali pamiyendo. Mayiwo sanadzuke, sanalire. Anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nakokera mwana pachifuwa.

"Mwabwera, a Zuze," anatero. "Nanga mayi a kunyumba mwawasiya bwanji kwanuko?"